Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Anthu ophunzira kwambiri, amene nchito yao ndi kufufuza zinthu m'mayunivesiti, ali ndi muyeso wao-wao woyesera ukulu wa mnzao. Mlimi timamdziwa poona nkhokwe yake, koma wofufuza amamdziwa powerenga kuti zolemba zake zachulidwa kangati m'zolemba za anzake. Mwambo umenewu unakhazikika mu 1964, pamene Eugene Garfield wa ku America anayamba kusindikiza kaundula wosonyeza kuti ndani wachula ndani. Mu 2005 mphunzitsi wina wa ku California, Jorge Hirsch, anaonjezapo nambala imodzi yomanga zonse pamodzi: munthu akakhala ndi zolemba 50 zimene ciliconse cachulidwa kosacepera ka 50, nambala yake ndi 50. Masiku ano munthu angathe kutsegula Google Scholar pa foni n'kuona nambala za ofufuza ambiri, ndipo ena amakwezedwa pa nchito kapena kupatsidwa ndalama zofufuzira malinga ndi nambalazo.

Ine sindili m'gulu limenelo. Ndine kholo, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa ana Loweruka m'mawa pa parishi. Koma mwezi uno, owerenga okondedwa, ndifuna tikambirane za wofufuza wina dzina lake Ami Klin, amene zolemba zake zachulidwa kambiri-mbiri ndi anzake pa dziko lonse. Ndifuna tifunse funso limene kaundula uja sangayankhe: kodi nchito ya munthu ameneyu yasintha ciani kwa mai amene mwana wake samuyang'ana kumaso?

Mlandu umene anasenzetsa amai

Poyamba timvane za autism, popeza dzinali lilibe linzake m'Cinyanja. Autism ndi kakulidwe kena ka ubongo kamene mwana amabadwa nako. Mwana wotere amavutika kuceza ndi anthu ndi kuzindikira za mumtima mwao. Ena amacedwa kulankhula, ena salankhula konse, ambiri amakonda kubwereza-bwereza cinthu cimodzi ndipo amasautsika zinthu zikasintha mwadzidzidzi. Phokoso limene ife sitilisamala n'komwe lingathe kumulasa m'makutu. Sali ofanana onse ai: alipo ofunika kuwasamala moyo wao wonse, aliponso amene amaphunzira mpaka ku yunivesiti n'kumanga mabanja. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 aliwonse anali ndi autism. Tikatengera ciwerengero cimeneco, pa msonkhano wa anthu 500 pangakhale anai, kapena pangakhale mabanja anai amene asiya wina kunyumba.

Mmodzi mwa madokotala oyamba kulongosola bwino za ana otere anali Leo Kanner wa ku Baltimore, amene mu 1943 analemba za ana 11. Cimodzi mwa zimene anaona n'cakuti anawo sanali kuyang'ana anthu kumaso. Koma kuona utsi sikudziwa amene wasonkha moto. M'zaka zotsatira akatswiri ena, makamaka Bruno Bettelheim m'buku lake la mu 1967, anaphunzitsa kuti mwana amadzitsekera m'kati mwake cifukwa amai ake ndi ozizira mtima. Amai ambiri ku America ndi ku Ulaya anasenza mlandu umenewu mpaka kukalamba. Mu 1977 kafukufuku wa mapasa amene anacita Susan Folstein ndi Michael Rutter ku Britain anayamba kusonyeza kuti gwero lalikulu lili m'cibadwa. Komabe panalibe njira yoyesera kayang'anidwe ka mwana. Dokotala anali kungoona ndi maso ake n'kulemba kuti uyu amayang'ana pang'ono, uyu sayang'ana konse, ndipo madokotala awiri anali kutha kusiyana maganizo pa mwana mmodzi.

Makina otsata maso

Ami Klin anabadwira ku Brazil, anaphunzira ku Jerusalem, ndipo mu 1988 anatsiriza maphunziro ake apamwamba ku London motsogoleredwa ndi Uta Frith, mai wodziwika kwambiri pa nkhani za autism. Atacoka kumeneko anagwira nchito zaka pafupi-fupi 20 pa yunivesiti ya Yale ku America, ndipo mu 2011 anasamukira ku Atlanta kukatsogolera Marcus Autism Center. Ku Yale n'kumene anakumana ndi Warren Jones, mnyamata amene anaphunzira luso lojambula, ndipo zambiri zimene nditi ndifotokoze pano anazicita awiriwa pamodzi.

Makina amene anagwiritsa nchito amayenda motere. Munthu amakhala patsogolo pa kanema. Kanyale kakang'ono kamawalitsa diso lake ndi kuwala kumene maso athu sakuona, ndipo kamera imajambula mwanadiso pamodzi ndi kadontho ka kuwala kobwerera kucokera pa diso. Diso likatembenuka, mtunda wa pakati pa ziwirizi umasintha, ndipo kompyuta imawerengera malo eni-eni a pa kanema pamene munthuyo wayang'ana, maulendo ambiri pa sekondi imodzi. Nzeru yotsata maso sanayambe ndi Klin. Alfred Yarbus wa ku Russia anali atasonyeza kale, m'zaka za m'ma 1960, kuti maso a munthu woona cithunzi ca nkhope amabwerera-bwerera pa maso ndi pakamwa. Cimene Klin ndi Jones anacita ndico kutenga makinawo ndi kufunsa kuti: pa zonse zocitika pamaso pa munthu wa autism, nanga iye amasankhapo ziti?

Mu 2002 anafalitsa zimene anapeza pa anyamata ndi abambo 15 a autism, anthu olankhula bwino ndi anzeru ndithu, powayerekeza ndi anzao 15 opanda autism. Anawaonetsa zidutswa za filimu ya mu 1966 yochedwa Who's Afraid of Virginia Woolf?, m'mene muli Elizabeth Taylor ndi Richard Burton. Anaisankha dala, cifukwa ndi nkhani ya anthu anai ali m'nyumba usiku, akumwa ndi kulasana ndi mau, ndipo zambiri zimene akutanthauza zimaonekera m'maso mwao. Opanda autism anathera nthawi yao yambiri akuyang'ana maso a ocita sewerowo. A autism anayang'ana maso theka cabe la nthawi imeneyo, ndipo anawirikiza kawiri kuyang'ana pakamwa, pathupi ndi pa katundu wa m'nyumba. Pamene mwamuna ndi mkazi wake anali kukumbatirana, maso a munthu wina wa autism anali pa swichi ya magetsi pakhoma. Pamene mlendo analoza cithunzi pakhoma ndi kufunsa za ico, ena anatsata dzanja lake, koma iye anadikira kufikira atamva mau, ndiye n'kuyamba kusaka-saka pa zithunzi zonse zopacikidwa pamenepo.

Nkhani ya swichi ija inandigwira mtima. Munthu uja anaonera filimu yomweyo imene anaonera anzake, koma anatulukamo ndi nkhani ina. Tsono ganizani za mwana amene tsiku ndi tsiku, kuyambira ali khanda, amatola zina pamene anzake akutola zina. Ife tinaphunzira kudziwa kuti amai akwiya, kapena kuti atate akuseka cabe, mwa kuyang'ana nkhope zao nthawi zosawerengeka, popanda wina kutiuza. Mwana amene maso ake ali kwina amaphonya phunziro limeneli m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo pofika zaka zinai amakhala ataphunzira bwino za zitseko, mawilo ndi mithunzi, pamene nkhope za anthu zikali ngati cilankhulo cacilendo kwa iye.

Nanga n'ciani cimene cimakopa maso a ana amenewa? Yankho lina linatuluka mu 2009 m'magazini ya sayansi ya Nature. Anaonetsa ana a zaka ziwiri timadontho ta kuwala toyenda monga munthu wocita masewera a ana, mbali imodzi ya kanema munthuyo ali coimirira bwino, mbali ina ali cozondoka. Ana opanda autism anakonda kuyang'ana mbali yoimirira, cifukwa anazindikira kuti ndi munthu. Ana a autism sanasankhe mbali, kupatula pa sewero limodzi la kuomba m'manja, pamene timadontho tiwiri tinali kugundana nthawi yomweyo imene phokoso la kuomba linali kumveka. Pamenepo maso ao anamatirira. Cinawakopa ndico kugwirizana kwa phokoso ndi kuyenda kwa cinthu. Ofufuzawo anaganiza kuti n'cifukwa cake ambiri amayang'ana pakamwa, popeza milomo imayenda pamodzi ndi mau.

Zaka zitatu za kudikira

Nchito imene inachukitsa kwambiri awiriwa ndi ya mu 2013, ndipo inafuna kudekha kwakukulu. Anatsata makanda 110 kuyambira ali ndi miyezi iwiri. Mwa iwo, 59 anali ndi mkulu wao wa autism, ndipo 51 analibe wacibale wotere. Khanda lililonse analiyesa maulendo 10 kufikira litakwanitsa zaka ziwiri, likuonera kanema wa mai amene akulankhula ndi kuimba monga amacitira mlezi. Ofufuzawo sanadziwe kuti ndi mwana uti amene adzapezeka ndi autism. Anangosunga zimene makina analemba, n'kudikira kuti anawo akwanitse zaka zitatu. Pa nthawiyo 13 anapezeka ndi autism, ndipo ofufuzawo anabwerera ku zolemba za miyezi yoyambirira kukaona pamene njira zinapatukirana. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri anali kuganiza kuti mwana wa autism amabadwa wopanda cidwi ndi maso a anthu. Makina anasonyeza zina. Pa miyezi iwiri, makanda amene pambuyo pake anapezeka ndi autism anali kuyang'ana maso monga anzao. Kusiyana kunayamba pakati pa miyezi iwiri ndi isanu ndi umodzi: anzao anapitiriza kuyang'ana maso, pamene iwo anayamba kucepetsa pang'ono-pang'ono, kufikira pa zaka ziwiri anali kuyang'ana maso pafupi-fupi theka la mmene anzao anali kucitira. Amene anacepetsa mofulumira ndiwo anadzakhala ndi mabvuto okulirapo. Jones ndi Klin anaona ciyembekezo m'zimenezi. Ngati cidwico cilipo poyamba n'kumazilala, ndiye kuti pali nthawi imene khomo likali lotsegula, ndipo pali kanthu koyambirapo pothandiza mwanayo.

Mu 2017, pamodzi ndi John Constantino wa ku St. Louis, anayesa ana aang'ono 338, pafupi-fupi theka la iwo mapasa. Mapasa ofanana, aja ocokera ku dzira limodzi, anagwirizana pa kayang'anidwe ka maso pa mlingo wa 91 pa 100, pamene mapasa osafanana anagwirizana pa mlingo wa 35 pa 100 cabe. Mapasa ofananawo, ngakhale anaonera kanema aliyense payekha, kawiri-kawiri anali kutembenuza maso nthawi imodzi ndi kuloza kumodzi. Kumene mwana amaponya maso ake kumatsogoleredwa kwambiri ndi cibadwa. Mai aliyense amene anauzidwapo kuti mwana wake sayang'ana anthu cifukwa sanamlere ndi cikondi ayenera kumva zimenezi.

Zonsezi zinabala makina ochedwa EarliPoint, amene bungwe la boma la America loona za mankhwala, la FDA, linawaloleza mu 2022 kuti azithandiza madokotala poyesa ana a miyezi 16 mpaka 30. Mwana amaonera kanema wa ana anzake akusewera kwa mphindi pafupi-fupi 12, ndipo makina amalemba pamene wayang'ana maulendo 120 pa sekondi iliyonse. Ku America ana ambiri a autism amadziwika atafika kale zaka zinai, motero cida cofulumizitsa nchitoyi n'cofunika. Koma timve bwino manambala ake. Mu 2023 magazini ya madokotala ya JAMA inafalitsa zotsatira za ana 475 oyesedwa m'zipatala zisanu ndi cimodzi. Pa ana 100 aliwonse amene akatswiri anawapeza ndi autism, makina anazindikira 71. Pa ana 100 opanda autism, anazindikira bwino 81. Ndiye kuti ena amawaphonya, ndipo ena amawaloza molakwa. Ndi bwinonso kudziwa kuti Klin ndi Jones ali ndi gawo m'kampani yopanga makinawa, ndi kuti maziko a kafukufuku wa mu 2013 anali anyamata 11 a autism oyerekezedwa ndi anzao 25, ciwerengero cocepa ndithu. Ofufuza ena apeza zosiyanako pa nkhani ya maso ndi pakamwa. Umo ndi mmene sayansi imayendera: wina amalima mzere, anzake amabwera pambuyo kudzaona ngati waongoka.

Maso ndi ulemu kwathu kuno

Tsopano ndibwere kwathu, popeza nkhani ya maso ili ndi mbali imene imatikhudza mosiyana ndi anthu a ku Atlanta. Ndili mwana ndinaleredwa ndi malamulo awiri otsutsana. Kunyumba agogo ankati mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso ngwamwano. Ukaitanidwa unali kugwada, kuweramitsa mutu ndi kumvetsera. Ku sukulu ya mishoni, wansembe wa ku Ulaya amene ankatiphunzitsa ankati munthu wothawa maso ali ndi cobisa. Tinaphunzira kukweza maso m'kalasi ndi kuwatsitsa pofika pakhomo. Ofufuza nawonso aona kuti mitundu imasiyana pa zimenezi. Mu 2008 a ku yunivesiti ya Glasgow anapeza kuti Azungu poyang'ana nkhope amayendetsa maso pakati pa maso ndi pakamwa, pamene anthu a kum'mawa kwa Asia amaika maso pakati pa nkhope. Khanda lathu limathera nthawi yaitali kumbuyo kwa amai ake, likuona dziko kudzera pa phewa lao, likumva mau ao ndi kutentha kwa thupi lao. Makina amene muyeso wake unatengedwa pa ana a ku America ayenera kuyesedwa pa ana athu tisanawakhulupirire.

Koma pali ngozi ina imene ili pafupi nafe kuposa makina. Popeza timayamikira mwana wotsitsa maso, cizindikiro cimene Kanner anaciona mu 1943 cingathe kubisala pansi pa ulemu. Timati ndi mwana wofatsa, wamanyazi, wosabvuta. Zaka zimapita. Akafika zaka zisanu osalankhula, ciyamikiro cija cimasanduka kunong'onezana, ndipo mlandu umene ku Ulaya unagwera amai ozizira mtima kuno umabwera m'dzina lina: ati anamlodza, ati amai ake sanasunge mwambo, ati atate ake anamkhwimira kuti malonda ayende.

Zaka zapitazo m'kalasi langa munali kubwera mnyamata wina wa zaka zisanu ndi ziwiri, pamodzi ndi mlongo wake wamkulu. Sanali kulankhula. Anali kukhala pakhomo pamene ndinali kutsamiritsa njinga yanga, n'kumazungulitsa wilo lakutsogolo kufikira titaweruka. Atate ake anali ndi kantemba koyenda bwino, ndipo anthu sanacedwe kugwirizanitsa ziwirizi. Amai ake analeka kufika pa misonkhano ya mphakati. Cimene ndimakumbukira kwambiri ndi mlongo wake uja, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Iye sanali kumkokera m'kalasi kapena kumgwira cibwano. Anali kunjuta pambali pake, n'kuzungulitsa wilo pamodzi naye, kenaka n'kuligwira kuti liime, n'kudikira. Mnyamatayo anali kuyang'ana dzanja limene laimitsa wilo, ndipo nthawi zina, kwa kamphindi, anali kukweza maso kufika pa nkhope ya mwini dzanjalo. Pomwepo mtsikanayo anali kuseka n'kulisiya wilo kuti lizungulirenso. Sanamvepo za Yale, koma anali atapeza yekha cimene makina anadzasonyeza: pofuna kukumana ndi mwana wotere, uyambe wapita kumene kuli maso ake.

Kodi tingasiyanitse bwanji ulemu ndi bvuto? Ulemu umaphunzitsidwa mwana akayamba kumva malangizo. Khanda la miyezi itatu silidziwa mwambo, ndipo poyamwa limayang'ana amai ake popanda manyazi. Ndiponso mwana waulemu, ngakhale atsitse maso pamaso pa agogo, amaba kuyang'ana, amaceuka akaitanidwa, amaseka ndi anzake maso ndi maso, ndipo akatola kanthu kokongola amathamanga nako kudzakuonetsani. Zimene madokotala amati tizisamale ndi izi: mwana wa caka cimodzi amene saceuka pomuitana dzina, mwana wa caka ndi theka amene saloza cinthu ndi cala kuti inunso mucione ndiponso satsata pamene inu mwaloza, ndi mwana wa msinkhu uliwonse amene wataya mau kapena masewera amene anali atawadziwa kale. Koma kucepa kwa kuyang'ana kumene makina anaona pa makanda a miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi n'kosaoneka ndi maso athu, ndipo eni kafukufukuyo anacenjeza makolo kuti asade nkhawa khanda likayang'ana kumbali. Makanda onse amatero.

Mau akuti "tandiyang'ana" nawonso tiwaganizire. Mu 2017 gulu la Klin linayesa ana 86 a zaka ziwiri ndipo linapeza kuti ana a autism pa msinkhu umenewo sathawa maso cifukwa ca mantha. Akakopedwa kuti ayang'ane amayang'ana, koma saona tanthauzo limene ife timaona m'maso. Caka comweco Nouchine Hadjikhani ndi anzake ku Boston anapeza kuti akulu a autism akakakamizidwa kuyang'ana m'maso, mbali za ubongo zokhudzana ndi mantha zimatakasuka mopitirira. Ambiri mwa iwo amanena okha kuti kuyang'ana munthu m'maso kumawapweteka, ndi kuti amamva bwino mau akayang'ana kumbali. Zopeza ziwirizi zimatilangiza cimodzi: kwa wamng'ono, nkhope yathu ikhale malo okondweretsa kufikako, kwa wamkulu, tisayese kuti kusayang'ana ndi kusamva. Cikwapu cilibe nchito pa onse awiri.

Cimene tingacite popanda makina

Makina a EarliPoint sali m'zipatala zathu za kumidzi, ndipo sitiyenera kukhala manja lende kudikira. Tili ndi sikelo, kumene amai amapita ndi ana mwezi ndi mwezi. Kumeneko tisamangofunsa za kulemera kwa mwana; tinene kwa anamwino ngati saceuka, saloza kapena waleka kulankhula, ndipo tipemphe kuti ayambe amuyesa makutu, popeza kusamva kumaonetsa zizindikiro zofananako. Ngati nkhawa ikalipo, tipemphe kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu kumene kuli madokotala a ana. Safunsa anadya phula.

Ndipo cithandizo cacikulu cili m'manja mwa a m'nyumba. Mu 2021 ofufuza a ku Australia, motsogoleredwa ndi Andrew Whitehouse, anafalitsa zotsatira za makanda oposa 100 amene anali ndi zizindikiro zoyambirira. Makolo a theka la anawo anaphunzitsidwa kuona bwino zimene khanda lao likuyang'ana ndi kuyankha mogwirizana nazo. Pofika zaka zitatu, pafupi-fupi 7 pa 100 a gulu limenelo ndiwo anafika pa mlingo wochedwa autism, poyerekeza ndi pafupi-fupi 21 pa 100 a gulu linalo. Si kuti anawo anacira monga munthu amacira malungo, koma njira yao yocezera ndi anthu inatseguka kwambiri. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa maphunziro a makolo ndi alezi a ana ocedwa kukula, okonzedwa kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino athe kuwapereka m'madera opanda akatswiri. Mutu wake ndi womwewo wa mtsikana wa pa njinga uja: khalani moyang'anana ndi mwana, tsatani cimene cam'kopa, chulani dzina la cinthuco, dikirani kuti ayankhe m'njira yake, ndipo citani zimenezi posamba, pakudya ndi posewera. Lamulo la dziko lathu la mu 2012 lonena za anthu olumala limati mwana wotere ali ndi ufulu wa maphunziro monga wina aliyense, motero kumtsekera m'nyumba cifukwa ca manyazi ndi kumlanda cake.

Tibwerere tsono ku muyeso uja wa anthu ophunzira. Zolemba za Klin ndi Jones za mu 2002 ndi 2013 zachulidwa ndi ofufuza ena maulendo oposa cikwi ciliconse, ndipo kutsata maso kwasanduka njira yodziwika m'mayunivesiti ambiri ofufuza za autism. Ulemu umenewo ngwoyenera. Koma ine, monga kholo, ndimaona phindu la nchito yao pena. Kale funso la aliyense linali lakuti: kodi mwanayu walakwa ciani, kapena amai ake analakwa ciani, kuti asatiyang'ane? Iwo anatiphunzitsa kufunsa kuti: kodi mwanayu akuyang'ana ciani? Funso loyamba limatha ndi kuloza munthu cala. Laciwiri limacititsa munthu wamkulu kunjuta pansi ndi kuyang'ana pamodzi ndi mwana, ndipo silifuna magetsi kapena kamera.

Kaundula wa Garfield sadzawerenga agogo amene aleka kunena mdzukulu wao kuti ngwamwano, kapena mphunzitsi amene walola mwana kumvetsera maso ali pa zenera, kapena a mphakati amene apita kukaceza kwa mai uja amene analeka kubwera. Zimenezo tidzawerenga ndife. Makolo anzanga, mwezi uno mukaona mwana amene maso ake ali kwina, wanu kapena wa mnzanu, musafulumire kumuyamikira kufatsa kapena kumdzudzula mwano. Khalani naye pansi kanthawi, muone kumene akuyang'ana, ndipo ngati mtima wanu sukhazikika, mperekezeni mai wake ku sikelo.